Kumasula ndi kukonza rilu yakale yowedzera nsomba

Rilu yakale ikayamba kulimba popukusa, anthu ambiri amangoti yafa basi nkuiponya m'bokosi la zitsulo zotha ntchito. Koma ine pa marilu amene ndatsegulapo, ofa zenizeni anali ochepa, ambiri vuto limangokhala girisi uja anapaka kufakitale zaka 40 kaya 50 zapitazo, anauma gwa ngati phula, nde kuphatikiza ndi kamchenga komanso dzimbiri pang'ono zonse zimangogwirana. Ndikunena rilu ija imakhala kunsi kwa ndodo yowedzera, ili ndi kawaya kopindika kamene kamazungulira nkumakulunga twaini pa sipulu. Kawayako pa Chingerezi amati bail, ine ndizingoti uta chifukwa ndi mmene kamaonekera.

Chitsanzo changa chikhala Mitchell 300, ija inkapangidwa ku Cluses ku France ndi kampani ya Carpano & Pons kuyambira cha m'ma 1940 umu, chifukwa anaipanga yambirimbiri moti mpaka pano imapezekabe ndi masipeya ake omwe. Koma njira yake ndi yomweyi olo muli ndi DAM Quick ya ku Germany, Abu Cardinal ya ku Svängsta ku Sweden, kapena Penn ya ku Philadelphia, kampani ija anayambitsa Otto Henze mu 1932. Kusiyana kulipo mkatimo, ndizinena tikamafika pamalo pake.

Musanagwire sikuludilaiva, ipukuseni kaye rilu ija mofatsa mukumvetsera. Ikulimba paliponse kapena pamalo amodzi okha ikamazungulira? Ikamalimba paliponse nthawi zambiri ndi girisi wouma, ikamagwira pamalo amodzi nkumasuka ndiye kuti mwina china chake chinapindika kapena dzino la giya linabenthuka. Tsegulani uta muone ngati ukutseka wokha mukapukusa, yesani kachitsulo koletsa handulo kubwerera m'mbuyo ngati kakugwira, kokani twaini mumve buleki ya sipulu ija amati drag ngati ikutulutsa twaini mosalala kapena modumphadumpha. Lembani zimenezi penapake. Zikuoneka ngati zachibwana koma mukadzamanga rilu yonse mudzafuna kudziwa kuti kaphokoso mukumvako kanalipo kale kapena mwakabweretsa ndinu.

Malo ogwirira ntchito akhale tebulo lowala bwino, yalani nsalu yoyera kapena thaulo lakale kuti tizitsulo tikagwa tisadumphe nkugubuduka. Pezani thileyi ya mazira yopanda kanthu, mmene mwamasula chinthu chiikeni m'kabowo kake motsatana, kuyambira kumanzere kupita kumanja, pomanga muzidzangobwerera chammbuyo. Zida sizambiri ayi: masikuludilaiva ang'onoang'ono angapo, sipanala yaying'ono kapena soketi, pulayasi yosongoka kukamwa, mswachi wotha ntchito, timitengo totokosera m'mano, thonje, palafini, sipiriti, viniga, girisi wopepuka, oyilo wa makina osokera kapena wa marilu weniweni, ndi kajumbo koonekera mkati. Kajumbo kameneka musakaiwale, ntchito yake muiona kutsogoloku.

Pa sikuludilaiva ndiimepo pang'ono chifukwa apa ndi pamene marilu ambiri amavulalira. Masikulu akale ambiri ndi a mpata umodzi ndipo chitsulo chake nchofewa, nde mukalowetsa sikuludilaiva yaing'ono kuposa mpatawo imaterereka nkutafuna mutu wa sikulu, nthawi zina nkukanda penti yomwe. Iyenera kudzaza mpata wonse m'litali ndi m'lifupi osagwedera, ngati palibe yokwana bola kutenga imodzi yotchipa nkuinola ndi fayilo mpaka ikwane. Marilu a ku Japan ngati Daiwa ndi Shimano akale ali ndi masikulu a mtanda amtundu wa JIS, amaoneka ngati Phillips koma si omwewo, Phillips imatulukamo yokha mukalimbikira kupotoza.

Chinanso, sakani pa intaneti chithunzi cha mkati mwa rilu yanuyo, chija chimaonetsa kachitsulo kalikonse ndi nambala yake, mungolemba dzina la rilu ndi mawu akuti schematic. Koma musachidalire chokhacho, rilu ya dzina limodzi ankaisintha tinthu tina pakapita zaka, komanso mwina munthu wina anaitsegulapo kale nkubweza zinthu mozondoka. Nde foni yanu ikhale pambali, jambulani musanachotse chinthu chilichonse, osati mutachotsa kale.

Tiyambe tsopano. Chotsani twaini yense wakale, musamumvere chisoni, nayiloni akakhalitsa amafooka ndipo pansi pake pamabisala mchere ndi chinyontho zimene zimadya sipulu. Kenako chotsani sipulu. Pa Mitchell 300 mumangodina kabatani kali pakati kutsogoloko sipulu nkuzuka yonse, pa marilu ena mumamasula chotsekera cha drag mpaka chichoke. Drag ndi mawashala osanjikizana, ena achitsulo ena ofewa, ndipo dongosolo lake ndi lofunika kwambiri. Atulutseni mmodzimmodzi nkuwandandalika pa nsalu momwe anakhalira, mbali imene inayang'ana kumwamba iyang'anebe kumwamba, jambulani. Marilu ena ali ndi kawaya kozungulira kamene kamapanikiza mawashalawa m'sipulu, katokoseni ndi nsonga ya sikuludilaiva chala china chitatsekapo pamwamba. Abu Cardinal drag yake ili kumbuyo kwa rilu osati pa sipulu, ndiye imeneyo muipeza mukatsegula thupi.

Handulo pa marilu akale ambiri imachoka mukagwira mutu wozungulira, uja uli ndi uta, ndi dzanja limodzi nkupukusa chobwerera m'mbuyo, ena ali ndi sikulu kapena nati mbali inayo. Ikakana musaimenye ndi hamala chonde, dontezerani oyilo wolowerera polumikizira nkuisiya.

Kenako chivundikiro cha m'mbali. Pa Mitchell 300 pali masikulu atatu. Apa mukhoza kukumana ndi sikulu yokanirira, chifukwa sikulu ndi yachitsulo china pamene thupi ndi la aluminiyamu, ndiye zitsulo ziwiri zosiyana zikakumana ndi madzi makamaka amchere zimadyana nkupanga ufa woyera umene umamata mazinga ngati simenti. Mankhwala ake ndi kudikira basi. Dontezerani oyilo wolowerera, siyani usiku wonse, mawa lake ikani sikuludilaiva bwinobwino, igogodeni pang'ono kumutu ndi chogwirira cha inzake, kenako yambani ngati mukumanga pang'onong'ono musanamasule, zimathandiza kuthyola dzimbiri lija. Ikakanabe, gunditsani nsonga ya soldering iron, kachitsulo kotentha kaja kolumikizira mawaya a magetsi, pamutu pa sikulu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti itenthe, idikireni izizire nkuyesanso. Moto wa lawi ayi, muotcha penti ndi mapulasitiki. Sikulu ikaduka mutu nkutsalira mkati ntchito yake imakula kuposa kukonza rilu yonse, ndiye masiku awiri odikira si kanthu.

Chivundikiro chitseguleni pang'onopang'ono rilu itagona chammbali, chifukwa magiya ena amatsalira pa chivundikiro ena pa thupi. Mukatsegula, osagwira kanthu kaye, jambulani kawiri katatu. Muona giya yaikulu imene handulo imazunguza, kagiya kakang'ono kamene kamapereka mphamvu ku mutu wozungulira, ndi kachitsulo kotsetsereka kamene kamakankha shafiti, kachitsulo kakatali kamene sipulu imakhalapo, kupita kutsogolo ndi kumbuyo kuti twaini aziyalana bwino pa sipulu. Mu Mitchell 300 muli timagiya tambiri ndithu tolumana, pamene DAM Quick ndi Cardinal zili ndi giya ija yooneka ngati sikulu yaitali, yosavuta kuimvetsa. Pafupi ndi giya yaikulu pamakhala kadzino koletsa kubwerera m'mbuyo ndi kasipuling'i kake kopyapyala ngati tsitsi, onetsetsani mmene kakolekedwera musanazule giya.

Nde pali timawashala tina topyapyala kwambiri ngati pepala, tachikasu kapena tofiirira, amati ma shim. Timeneti ndi timene timapangitsa rilu kuyenda mwakachetechete kapena kumalira ngati chigayo. Kufakitale ankatiika poyesa rilu iliyonse payokha kuti magiya alumane pa mlingo woyenera, ndiye rilu yanu ikhoza kukhala ndi tiwiri pamene ya mnzanu yofanana nayo ili ndi kamodzi, ndipo chithunzi cha pa intaneti sichingakuuzeni. Vuto lake timamatirira kunsi kwa giya ndi girisi wakuda uja osaoneka, munthu nkuponya giya m'palafini, kawashala nkumira, nkukatayidwa limodzi ndi palafini wakudayo. Giya iliyonse mukazula itembenuzeni, palani kunsi kwake ndi kamtengo, yang'ananinso pamalo pamene inakhala. Kawashala mukakapeza kaikeni m'kabowo kamodzi ndi giya yake, ine ndimachita kuzimanga pamodzi ndi kaulusi.

Shafiti ikamasuka ku kachitsulo kotsetsereka kaja imasololoka chakutsogolo. Ena amaigwira ndi sikulu, ena kapini, ena kakilipu kooneka ngati chilembo E. Shafiti ikachoka mumaona nati imene imagwira mutu wozungulira. Samalani apa, marilu ena nati imeneyi mazinga ake ndi akumanzere, kutanthauza kuti imamasuka mukapotoza mbali imene nati wamba imamangira, ndiye ikakana musawonjezere mphamvu, yesani pang'ono mbali inayo. Pa Mitchell 300 pansi pa nati pali kambale kachitsulo kamene kamagunda uta kuti utseke, onani mbali imene kayang'ana, ndipo pansi pa mutuwo palinso ma shim ena, awerengeni.

Tsopano uta. Ngati ukutseguka ndi kutseka bwino mwamphamvu, ine ndimati usiyeni, ingotsukani kunja nkudontheza oyilo. Koma pa marilu akale sipuling'i ya uta ndi imene imathyoka kawirikawiri kuposa china chilichonse, ndiye mwina simuchitira mwina. Apa ndi pamene kajumbo kaja kakugwira ntchito: lowetsani mutu wonse ndi manja anu m'jumbomo, masulirani momwemo. Ine tsiku lina ndinachita ulesi, ndinangomva kuti tswii, kasipuling'i kaja kuuluka, ndinakwawa pansi ndi tochi ndi maginito madzulo onse mpaka maondo kuwawa, ndinadzakapeza patatha sabata m'nsapato, kkkk ndipo nthawi imeneyo ndinali nditagula kale rilu ina yakufa kuti ndichotsemo kena. Makilipu a E aja nawonso amauluka chimodzimodzi, muzichotsera m'jumbo. Musanazule sipuling'i onani kuti mwendo uti ukulowa m'kabowo ka mutu ndipo uti ukukola dzanja la uta, komanso dziwani kuti ya Mitchell 300 ndi ya 301 sizilowana, 301 ndi ya handulo ya kumanja ndiye zinthu zake zambiri ndi zotembenuza.

Kutsuka ndi ntchito yotopetsa koma yosavuta. Zitsulo zonse zopanda penti zinyikeni m'palafini kwa maola angapo, girisi akafewa tsukani ndi mswachi, pakati pa mano a giya dutsanimo ndi kamtengo dzino lililonse mpaka musaonenso zakuda. Chitani zimenezi podutsa mphepo kutali ndi moto, ndipo petulo ayi ndithu. Thupi lapenti ndi mapulasitiki tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. Thinala ndi acetone musayandikize, zimasungunula pulasitiki ndi kufufuta zilembo zimene zalembedwa pathupi. Zobiriwira zija zimamera pa bulasi ndi pa uta zimachoka ndi viniga wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, nyikani mphindi 15 mpaka 30 mukuyang'anira, kenako tsukuluzani ndi madzi ambiri nkuumitsa pompo. Aluminiyamu musaisiye mu viniga. Pomaliza pukutani zitsulo ndi sipiriti kuti palafini achoke, akatsalira amasungunula girisi watsopano. Mabowo amene shafiti ndi handulo zimadutsamo alowetseni thonje lokulunga pa kamtengo mpaka lizituluka loyera.

Zikauma, yang'anani chimodzichimodzi powala. Mano a giya akhale ofanana, osati osongoka ngati a sowo kapena obenthuka. Shafiti igubuduzeni pa galasi, ikamadumpha ndiye kuti ndi yopindika, kuiwongola kumatheka koma kawirikawiri siibwerera bwinobwino, bola kupeza ina. Mlomo wa sipulu, pamene twaini amadutsa poponya, yendetsanipo thonje, likakodwa pali kachilonda kamene kazidula twaini, salazani ndi sandipepa wa 600 kenako 1000 mutanyowetsa. Chitaninso chimodzimodzi pa kachitsulo ka pa uta kamene twaini amatsetserekapo, kameneka kakakumbika ngalande palibe zosalaza, nkusintha basi, ndipo ngati ndi kamtundu kozungulira kayenera kuzungulira mukakakhudza ndi kamtengo. Ngati rilu yanu ili ndi mabering'i, atsukeni m'sipiriti, aumitseni, avekeni pa pensulo nkuzunguza, lomveka mchenga mkati litatsukidwa kale latha, yezani kukula kwake mkati, kunja ndi m'lifupi mu mamilimita mupeze lina. Marilu akale ambiri alibe nkomwe mabering'i, amangoyenda pa mabushu, timapaipi tosalala timene zitsulo zimazunguliramo, ndipo amayenda bwinobwino.

Masipeya a marilu amenewa njira yachidule ndi kupeza rilu inzake yakufa yamtundu womwewo nkumachotsamo. Ena amapinda okha sipuling'i ya uta ndi waya wa sipuling'i, zimatheka, koma muononga zingapo musanapange yogwira.

Pomanga lamulo ndi lakuti girisi pa mano a magiya ndi pamene zitsulo zimatsetserekana, oyilo pa zinthu zozungulira mwachangu, shafiti, mabushu, mabering'i, chogwirira cha handulo ndi mfundo za uta. Girisi mupake ndi kabulashi kakang'ono, mano angonyezimira basi. Anthu amakonda kudzaza thupi lonse mpaka kusefukira poganiza kuti akuichitira zabwino, mapeto ake rilu imalemera popukusa ndipo girisiyo amakafika pa kadzino koletsa kubwerera kaja nkukamata, tsiku lina nsomba yakoka handulo nkungozungulira chammbuyo. Kadzino kameneko kadontho ka oyilo kokha kakwana. Girisi wolimba wa galimoto ndi wolemera kwa timagiya timeneti, ndipo WD-40 ndi wabwino pomasula ndi kuthamangitsa madzi koma sakhalitsa, musamuyese oyilo. Pa mazinga a masikulu pakani kagirisi pang'ono kuti wodzatsegula mtsogolo asadzavutike ngati inu.

Bwererani chammbuyo m'thileyi muja. Uta poyamba, mutu ndi ma shim ake, nati, shafiti, kachitsulo kotsetsereka, magiya, aliyense ndi kawashala kake. Mukaika chinthu zunguzani ndi chala muone ngati zikuyenda musanaike china, kusiyana nkudzazindikira kumapeto osadziwa kuti cholakwika chili pati. Chivundikiro chiyenera kukhala pansi chokha, chikatsala ndi mpata musachikakamize ndi masikulu, gwedezani handulo pang'ono kuti mano alumane chidzangoti khutu. Masikulu amangeni mosinthanasinthana pang'onopang'ono, ndipo akangogwira siyani, mazinga a mu aluminiyamu sachedwa kutha.

Mawashala a drag zimatengera kuti ndi a chiyani. A nsalu yofewa ija ya felt amafuna timadontho ta oyilo, a Teflon amakhala ouma, a carbon amapakidwa girisi wake wa drag mopyapyala kwambiri. Achitsulo aja apukuteni awale, ngati ali ndi dzimbiri akhuleni pa sandipepa mutamuyala pa galasi kuti akhale osalala mofanana. Washala wofewa amene wauma nkumasweka kapena waphwatalala ngati pepala msintheni, drag yodumphadumpha ndi imene imadulitsa twaini nsomba ikathamanga mwadzidzidzi.

Nde pukusani. Ikamalira magiya kuposa poyamba kapena ikulimba mukamanga chivundikiro nkumasuka mukachimasula pang'ono, ndi nkhani ya ma shim, mwina mwasinthanitsa kapena kamodzi kasowa, bwererani ku zithunzi zija. Handulo ikamagwedera kulowa ndi kutuluka kwambiri pakufunika kuwonjezera kamodzi pa giya yaikulu. Sinthani kamodzi kokha nthawi imodzi nkuyesa, mukasintha tiwiri simudziwa kamene kathandiza. Uta ukamatseka mwaulesi pamene sipuling'i ndi yatsopano, kawirikawiri wayawo ndi wopindika ndipo ukukoka mbali, masulani sikulu ya mbali imodzi muone ngati nsonga yake ikugwera yokha pa bowo, ikapanda kutero upindeni pang'onopang'ono ndi manja mpaka igwerepo. Ndipo musayembekezere kuti ikhala chete ngati rilu yatsopano ya masiku ano, Mitchell 300 ili ndi kamkokomo kake ndipo kadzino kaja kakatsekedwa kamalira tiki tiki tiki, ndi mmene anaipangira.

Za penti yosupuka, ine sindipentanso. Ngati ndi rilu yoti anthu osunga zakale angaifune, penti yatsopano imatsitsa mtengo wake, ndipo ngati ndi yowedzera, nsomba sizisamala za penti. Ndimangopukuta ndi kansalu ka oyilo.

Twaini muikemo nayiloni wamba, marilu amenewa anapangidwa nthawi ya nayiloni ndipo twaini woluka wa masiku ano amatha kukumba kachitsulo ka pa uta komanso sayalana bwino. Mitchell 300 mutu wake umazungulira mbali yosiyana ndi marilu ambiri a masiku ano, ndiye pokulunga imani mukapukusa kangapo, lekerezani twaini muone ngati akupotana, akamapotana tembenuzani chikulungo chimene akuchokera. Dzazani mpaka patsale mamilimita awiri kapena atatu kufika pa mlomo. Twaini akamaunjikana kutsogolo kwa sipulu, pa marilu amene sipulu imakhalira pa washala wa pa shafiti onjezerani kawashala kamodzi kopyapyala, akamaunjikana kumbuyo chotsani kamodzi. Mukabwera kowedza, makamaka m'madzi amchere, ipukuteni ndi nsalu yonyowa ndi madzi abwino drag ili yomanga kuti madzi asalowe, ikauma masulani drag yonse musanaisunge kuti mawashala atsopano aja asaphwatalale.